Magazi a mwamuna wanga pamkono panga: zomwe ndinagula ku Lusaka ndi ndalama za soya

Pamsika wa Kapata ku Chipata amandidziwa ndi katundu amene ndimagulitsa: "amayi a zitenje." Anzanga a mumzere mwathu onse amaitanidwa amake uje, amake uje, koma pa ine pakamwa pa anthu pamasowa dzina la mwana, ndiye amangogwira zitenjezo. Sindidandaula nalo dzinali, alipo ena oipa amene ndinawamvapo nditangotembenuka. Ndayambira pamenepa kuti mudziwe mtima umene ndinakwera nawo basi ya ku Lusaka mu 2022, kukagula chithandizo chimene ndikufuna kukusimbirani lero. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo potsekulapo safunsa kuti kunja kuli chiyani.

Nthawiyo n'kuti nditapita padera katatu. Mimba ya 2017 inachoka pa miyezi iwiri. Ya 2019 pa masabata 11. Ya 2021 inafika miyezi isanu, mwana nditayamba kumumva, kenako anangoti zii. Ameneyo anakamuika amayi achikulire okhaokha kwathu ku Chadiza, mbandakucha, popanda wolira mokweza, poti mtayo sitilira. Azakhali ananditengera kwa sing'anga wina cha ku Katete, amene anandimanga mkuzi m'chiuno kuti ugwire mimba. Alangizi anawakhazika pansi abambo a kunyumba n'kuwafunsa ngati sankayendayenda ine ndili ndi pakati. Apongozi sananene kanthu pamaso panga, koma mawu awo ankandipeza podzera mwa alamu. Amayi ambiri akuno zimenezi mukuzidziwa, sinditayirapo nthawi.

Anandiuza za kiliniki ya ku Lusaka ndi mnzanga wa m'chigwirizano kutchalitchi. Nayenso anapita padera katatu, anakabayidwa kumeneko, ndipo tsiku limene ankandiuzalo anali ndi kamnyamata kumsana, kakuyamwa chala. Umboni woposa pamenepo mungaufune wotani? Dzina la kilinikiyo sinditchula. Ndi yapulayiveti, ndipo dokotala wa chithandizochi ankabwera masiku owerengeka pamwezi. Chithandizocho amachitcha lymphocyte immunotherapy, ogwira ntchito pamenepo ankangoti LIT.

Abambo a kunyumba ndi mphunzitsi wa sayansi kusekondale, ndipo timalimako soya kumudzi. Tinagulitsa matumba 40, ine n'kuphatikizapo chilimba changa. Maulendo atatu, pogona, zoyeza ndi majakisoni, zonse zinatidyera pafupifupi K30,000. Basi imanyamuka 5 koloko m'mawa, Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, kutsetsereka mpaka pa mlatho wa Luangwa, makilomita oposa 560, n'kukafika pa Intercity miyendo itatupa. Ulendo woyamba sindinagule ngakhale nthochi pa Nyimba, m'mimba munali mutadzaza chiyembekezo.

Zabwino zinalipo, ndipo si zazing'ono. Palibe amene anandikalipira. Mtsikana wa pakhomo ananditchula dzina langa lenileni n'kundifunsa ngati ndikufuna tiyi. Zimbudzi zinali ndi madzi. Dokotala anakhala nafe mphindi 40, anandisiya ndifotokoze mimba zonse zitatu imodziimodzi, ndipo nditafika pa ya miyezi isanu n'kulephera kupitiriza, anangodikira osayang'ana wotchi. Kwa zaka zisanu kunalibe munthu wa chipatala amene anachitapo zimenezo. Kwina konse kumene ndinagonako nditapita padera ankanditsuka m'chiberekero, kundipatsa mapiritsi a magazi, n'kundiuza kuti "mudzayesenso amayi, mukadali wamng'ono." Ku Lusaka nesi ankandiimbira foni madzulo kufunsa mmene ndagonera. Ndikapatsidwa nyenyezi zoti ndigawe pa ulemu, zonse zisanu azitenge.

Kenako dokotala anajambula pa pepala. Mwana wa m'mimba, anatero, theka ndi wanu, theka ndi wa abambo. Kwa asilikali a m'thupi mwanu theka la abambolo ndi mlendo. Mwa amayi ena thupi limaphunzira kumulandira mlendoyo, koma lanu likumupirikitsa. Tikatenga asilikali a m'magazi a abambo n'kuwaika m'khungu lanu, thupi liwazolowera, ndipo mimba ikadzabwera silidzaidabwa. Ife mawu oti asilikali a m'thupi tinawazolowera kuyambira nthawi ya CD4 ndi ma ARV, choncho zinalowa m'mutu mosavuta. Ndipo zinandipatsa chimene ndinkachisowa zaka zonsezo, chifukwa chomveka choti ndikanene kwa apongozi. Si ufiti, si kuyendayenda kwa mwana wawo, si kuti ndinachotsapo mimba ndili mtsikana monga ena ankanong'onezana. Ndinalira pamaso pa dokotalayo, kulira kwa munthu womasulidwa pa mlandu.

M'mawa mwake anawatenga magazi abambo, timabotolo tingapo. Tinadikira pafupifupi maola atatu makina akuwazunguza kuti maselo oyera apatuke. Nesi anatuluka ndi timadzi totuwa m'sirinji, n'kundibaya malo anayi pamkono wamanzere, osati mumnofu koma m'kati mwa khungu lenileni, mmene amabayira katemera wa BCG kwa makanda. Ululu wake ngati wa mavu. Pofika ku Chipata malowo anali atatupa n'kufiira, kuyabwa kosagonetsa, mwanabere m'khwapa, ndipo usiku umodzi thupi linatentha. Nditaimba foni anandiyankha kuti ndiye kuti akugwira ntchito. Patatha masabata anayi tinabwereranso kukabwereza. Tizipsera tinayi takuda tilipo mpaka lero, makasitomala ena amandifunsa ngati ndi mphini.

Pepala lovomereza linali la Chingerezi, masamba atatu, timalemba tating'onoting'ono, ndipo linabwera titalipira kale. Ndinasaina pa kauntala nditaimirira. Palibe amene anandifotokozera pakamwa kuopsa kwa chinthuchi, ndiye ndikufotokozereni ine zimene ndinadzazimva mochedwa.

Magazi a munthu wina ndi magazi a munthu wina, ngakhale akhale mwamuna wako. Abambo anawayeza HIV ndi hepatitis B m'mawa womwewo, kuyeza kwa pachala kuja. Koma kachilombo kongolowa kumene masabata angapo apitawo sikaoneka pa kuyeza kotere, aliyense amene anamvapo uphungu pa VCT amadziwa chifukwa chake amatiuza kubweranso pakapita miyezi itatu. Mungati poti mumagona pamphasa imodzi kale, kusiyana n'kotani? Chabwino. Nanga mayi amene ndinakhala naye pabenchi ulendo wachiwiri, amene mwamuna wake anakana kubwera, ndipo anamuuza kuti amupezera munthu wina wopereka magazi? Mayiyo anabayidwa maselo a munthu amene sanamuonepo nkhope. Chachiwiri ndi gulu la magazi. Popatula maselo oyera, ofiira pang'ono amatha kutsalira. Mayi wa Rhesus negative akabayidwa maselo a mwamuna wa positive, thupi lake lingapange zida zodzalimbana ndi magazi a mwana amene akumufunayo. Zoterezi zingachitikenso ndi timaselo toundanitsa magazi, mwana n'kubadwa nato tochepa. Za gulu la magazi anga anandifunsa ulendo wachiwiri, nditabayidwa kale kamodzi. Mwayi wanga ndine wa positive.

Pabenchipo sitinali opita padera okhaokha. Analipo amayi amene mimba sinakhalepo n'komwe, ena atayesa IVF kunja, njira yokumanitsa dzira ndi umuna mu labu, n'kulephera. Iwo ankawayeza magazi kuwerenga maselo otchedwa natural killer, n'kuwauza kuti achuluka ndipo akupha mwana asanakhazikike. Dzina lokhalo, lakuti wakupha, limakwanira kutulutsa ndalama m'chikwama. Ndinadzamva pambuyo pake kuti maselo a dzinali amene ali m'magazi a pamkono ndi osiyana ndi amene amakhala m'chiberekero, ndipo a m'chiberekerowo ntchito yawo n'kuthandiza nsengwa kumera mizu. Ena ankawaika diripi yoyera ngati mkaka yotchedwa intralipid. Diripiyo anaipangira odwala osatha kudya, ndipo imapangidwa ndi mafuta a soya ndi za m'dzira. Abambo atandiuza zimenezi ndinaseka mpaka misozi: kugulitsa soya ku Chadiza kuti ukagule soya ku Lusaka pa mtengo wa ng'ombe. Mayi wina wa ku Kafue anandiuza kuti ali m'banja zaka zisanu ndi zitatu, wabayidwa zonsezi, koma mwamuna wake sanayezedwepo umuna ngakhale kamodzi, ndipo iye mwini sanajambulidwepo kuona ngati machubu ali otseka. Kuno kwathu zinthu ziwiri zimenezi ndiye zoyamba kuziona mimba ikamakana.

Mu Januwale 2023 ndinaima. Tinathamangira ku Lusaka kukabayidwa kachitatu. M'mwezi wa Malichi, pa masabata 10, ndili pamsika mvula ikugwa, ndinamva zimene ndinkazidziwa kale. Mnzanga wa salaula ndiye anandifunditsa chitenje cha pa sitolo yanga yomwe n'kundiitanira takisi.

Patapita sabata ndinaimbira kiliniki. Mawu anali aulemu monga kale. Anati thupi langa ndi louma mutu, pafunika kubwereza majakisoni n'kuwonjezerapo diripi ija. Anatchula mtengo. Abambo anali pambali panga, sananene kanthu, koma kuyambira usiku umenewo ndinkadzuka pakati pa usiku n'kuwapeza pakhonde ndi foni, akuwerenga. Anachita zimenezi pafupifupi mwezi. Tsiku lina Loweruka anandiitana, "Amayi, takhalani pansi," m'manja muli kope la ana asukulu lodzaza manotsi.

Anayamba ndi kunena kuti funso la dokotala lija si labodza. Wasayansi wa ku Britain, Peter Medawar, analifunsa kale mu 1953, kuti thupi la mayi limalekereranji mwana amene theka lake ndi la munthu wina, pamene limakana khungu kapena chiwalo chochokera kwa mlendo. Kubaya maselo a mwamuna kunayamba chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1985 gulu la James Mowbray pachipatala cha St Mary's ku London linalemba mu magazini ya The Lancet kuti zikuoneka zikuthandiza. Anthu anali ochepa, koma nkhani inawanda, makiliniki m'mayiko ambiri n'kuyamba kubaya.

Kenako anatsegula tsamba limene anali atalizunguliza ndi bolopeni yofiira. Mu 1999, mu The Lancet momwemo, gulu lotsogozedwa ndi Carole Ober wa ku Chicago linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa amayi 183 amene anapita padera katatu kapena kuposa popanda chifukwa chodziwika. Anawagawa mwamaere. Ena anabayidwa maselo a amuna awo, ena madzi a mchere chabe, osadziwa kuti walandira chiti ndani. Mwa obayidwa maselo, 36 pa 100 aliwonse zinawayendera. Mwa obayidwa madzi a mchere, 48 pa 100. Ndinawauza abwerezenso, ndimayesa asokoneza mizere. Sanasokoneze. A madzi a mchere ndi amene anachita bwino.

Dokotala uja anali atatiuza kuti chithandizochi n'cha ku America. Kumeneko bungwe loyang'anira mankhwala la FDA linalembera madokotala mu 2002 kuti maselowa asabayidwe kwa mayi aliyense pokhapokha mu kafukufuku wololedwa. Mu 2014 a Cochrane, amene ntchito yawo n'kusonkhanitsa kafukufuku yense wa chinthu chimodzi n'kumuyeza pamodzi, anaona makafukufuku 20 a njira zosiyanasiyana zokhudza chitetezo cha m'thupi, kuphatikizapo maselo a mwamuna ndi a munthu wapadera, ndipo sanapeze kuti zimachulukitsa ana obadwa amoyo. Bungwe la akatswiri a za ubereki ku Ulaya, ESHRE, m'malangizo ake a 2017 ndi owakonzanso a 2022, likuti LIT isagwiritsidwe ntchito chifukwa siithandiza ndipo ingavulaze.

Atamaliza anatseka kope n'kunena motsitsa mawu kuti chaka chilichonse amaphunzitsa ana a Giredi 10 kuti poyesa feteleza umasiya mzere umodzi wosathira, apo ayi sungadziwe ngati chimanga chakula ndi feteleza kapena ndi mvula. "Ine mwini ndinaiwala kufunsa za mzere wosathira." Aka kanali koyamba kuwaona akuchita manyazi chotero. Sindinawadzudzule. Tonse tinaona kamnyamata kumsana kuja.

Nanga kamnyamatako? Apa ndiye pamene panandivuta kwambiri kumeza, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba zonsezi. Mnzanga sananame. Anabayidwa, anabereka. Chimene sitinkadziwa tonse awiri n'chakuti amayi ambiri opita padera mobwereza popanda chifukwa chopezeka amadzabereka ndithu, ngakhale osabayidwa kanthu. Ku Liverpool, mu kafukufuku wa 1999 wotsatira amayi 325 otere, mwa amene anadzaimanso, mimba zitatu mwa zinayi zilizonse zinakhazikika. Pafupifupi theka la mimba zochoka m'miyezi itatu yoyamba zimachoka chifukwa mwanayo sanaumbike bwino kuyambira pachiyambi, ma chromosome atasokonekera, ngati njere imene sikanamera ngakhale munda ukhale wa chonde chotani. Zikachitika mwatsoka kawiri katatu motsatizana, kachinayi njere imadzakhala yabwino. Tsono kiliniki iliyonse yobaya amayi otere, ibaye maselo, ibaye madzi, idzakhala ndi zithunzi za makanda zodzaza khoma. Amene zinawayendera amabwerera ndi keke n'kujambulitsa. Amene zinatikanika timakhala kunyumba chete, osapezeka pakhomapo. Ndikanabereka mu 2023, bwenzi lero ndikulemba kuti gulitsani ng'ombe mupite, ndipo bwenzi ndikulumbira ndi mtima woona.

Abambo anamuimbira dokotala uja. Pomuchitira chilungamo, sanadule foni. Anati mu kafukufuku wa 1999 maselo ankagonekedwa mufiriji usiku wonse asanabayidwe, pamene iye amabaya atsopano, ndiponso kuti ku China ndi ku Brazil kuli madokotala amene alemba kuti zimathandiza. Zonse ziwiri n'zoona, otsatira njirayi amanenadi zimenezo ndipo zolembazo zilipo. Koma amene anakhala pansi n'kuyeza zolemba zonse pamodzi anaona kuti zambiri zosonyeza phindu n'zazing'ono kapena zosakonzedwa mosamala, n'chifukwa chake malangizo sanasinthe. Munthu akamakugulitsa chinthu chimene akatswiri akukanganabe, mabungwe akuluakulu atachikana, akuyenera kukuuza zimenezo usanatulutse ndalama. Abambo anamufunsa funso limodzi lomaliza, ngati anandiyezapo antiphospholipid. Anayankha kuti zimenezo ankaganiza kuti tinayezetsa kale kwathu.

Mawu amenewa abambo anawapeza m'kuwerenga kwawo kuja, ndipo ndi amene anatitengera kuchipatala cha boma. Ndinafika 6 koloko m'mawa, ndinaonedwa itadutsa 11. Dokotala anali mayi wachitsikana wotopa, panja pali mzere wofika kukhonde. Tiyi kunalibe, ndipo sindikhulupirira kuti ndinakhalamo mphindi khumi. Koma nditanena kuti mimba yachitatu inafika miyezi isanu mwana n'kufera m'mimba, anaimitsa bolopeni n'kundiyang'ana. Analemba zoyeza: chindoko, shuga, chithokomiro, gulu la magazi, sikani yoona maumbidwe a chiberekero ndi zotupa, ndi antiphospholipid. Zambiri zinachitikira konkuno. Yomalizayo magazi anapita ku labu ya ku Lusaka, tinalipira tokha, ndipo anati ikapezeka tidzabwerezenso pakatha masabata 12, chifukwa kupezeka kamodzi sikukwanira. Inapezeka kawiri konse.

Matendawa amatchedwa antiphospholipid syndrome. Thupi limapanga zida zolimbana ndi lokha, zimene zimachititsa magazi kuundana msanga ndi kusokoneza nsengwa, mwana n'kumasowa chakudya ndi mpweya. Mukuona mmene zinakhalira? Dokotala wa ku Lusaka sanaphonye ponena kuti vuto lili m'chitetezo cha m'thupi. Kungoti anaponya mwala mumdima n'kugunda mtengo wina. Thupi langa silinkakana mwamuna wanga. Ndipo ngakhale m'makafukufuku a LIT aja, amayi a matenda angawa ankawapatula osawabaya, poti chithandizocho ankachiyesa pa okhawo amene chifukwa sichinapezeke. Ndinabayidwa katatu chinthu chimene ngakhale ochikhulupirira sakanayenera kundipatsa, chifukwa choti kuyeza kwa ndalama zochepa poyerekeza ndi K30,000 sikunachitike.

Sindikuchotsera mlandu mbali inayo. Ndinagona m'mawodi katatu nditapita padera, ndipo palibe amene anati mayiyu tiyeni timufufuze. Akanatero mu 2021, bwenzi basi ya 5 koloko ija sindinakwere. Timapita kwa amene amatipatsa mpando n'kutimvetsera, kaya ndi sing'anga wa mkuzi, kaya ndi dokotala wa makina ozunguza magazi. Mkuziwo unali wotchipa, ndipo sunkalowa m'khungu.

Chithandizo cha matenda angawa n'chodziwika ndipo chinayesedwa: aspirin wamng'ono wa 75 mg tsiku lililonse, ndi jakisoni wa heparin, woletsa magazi kuundana, pamimba kuyambira pamene mimba yadziwika. Koma chonde amayi anzanga, musathamangire ku famase chifukwa mwawerenga pano. Ku Netherlands mu 2010 anayesa mankhwala omwewa pa amayi 364 opita padera popanda chifukwa chodziwika, ndipo sanathandize. Amathandiza amene ali ndi matendawa basi, ndipo heparin angakutayitseni magazi ngati palibe wokuyang'anirani. Wina vuto lake ndi khomo la chiberekero lotseguka msanga, ameneyo amamusoka. Wina ndi chindoko, jakisoni wa penicillin kwa iye ndi mwamuna wake yemwe. Wina ndi shuga kapena chithokomiro. Malungo nawo kuno samasewera ndi mimba, Fansidar wa kusikelo ndi neti si zongokondweretsa anesi. Kwa mayi amene anapitapo padera ndipo wayamba kuona magazi mimba ili yaing'ono, kafukufuku wa ku Britain wa amayi 4,153 wa mu 2019 anasonyeza kuti mankhwala a progesterone, homoni yochirikiza mimba, amathandizako, makamaka kwa opita padera kangapo, ndipo kuyambira 2021 malangizo a kumeneko amati apatsidwe mpaka masabata 16. Ameneyu mungamufunse dokotala wanu. Ndipo alipo ambiri amene zoyeza zonse zimatuluka zabwino. Kwa iwo kumva kuti sitinapeze kanthu kumawawa ngati chitonzo, ndikudziwa, koma iwowa ndi aja a mimba zitatu mwa zinayi a ku Liverpool.

Choncho chiweruzo changa pa kiliniki ija chili pawiri, ndipo sindingachiphatikize. Malo oyera, anthu aulemu, nthawi yokwanira, foni ya madzulo: zimenezi n'zenizeni, ndipo mtima wa mayi wopita padera umazifuna. Jakisoni amene amagulitsa ndi ulemuwo sindingamuvomereze kwa mayi aliyense, wopita padera kapena wosaima n'komwe. Chikomekome cha mkuyu. Ngati mwatsimikiza kupita kumalo otere, kulikonse kumene ali, funsani musanalipire kuti anandiyeza chiyani kale ndipo anapeza chiyani, funsani kuti amayi osabayidwa amabereka angati poyerekeza ndi obayidwa, funsani kuti magaziwo ndi a yani. Pepala losaina mupite nalo kogona mukaliwerenge ndi munthu wodziwa Chingerezi. Akakana kukupatsani, mwayankhidwa.

Pamene ndikulemba pano ndi Okutobala 2024, ndili ndi masabata 26. Sindinafikepo apa. Sindinagule kanthu ka mwana, ngakhale thewera, ndipo apongozi tinawauza mimba itaonekera yokha. Kusikelo amandiona pafupipafupi kuposa anzanga, amayeza BP ndi kukula kwa mwana, chifukwa matendawa amatha kubweretsa mavuto ngakhale kumapeto. Heparin akutidya ndalama mwezi ndi mwezi, soya wa chaka chino ndi chilala chija sanatuluke bwino, ndipo ndi kutentha kwa mwezi uno majakisoni ndimawasunga pansi pafupi ndi mtsuko wa madzi. Nthawi yobaya ndi 8 koloko usiku. Magetsi masiku ano amakhala atapita, ndiye ine ndimagwira tochi ya foni n'kuyang'ana kudenga, abambo n'kutsina khungu la pamimba kufunafuna malo opanda chikanga chakuda. Amawerenga mpaka khumi asanazule singano, mokweza, ngati ali m'kalasi.

Sabata yatha mnzanga wa m'chigwirizano uja anabwera pamsika ndi mtsikana wina wa ku Mchini, wapita padera kawiri, maso ali pansi. Amafuna nambala ya kiliniki, poti yake inatayika ndi foni yakale. Nambalayo ndikadali nayo. Ndinatenga lisiti, kuseri kwake n'kulemba zoyeza zija chimodzichimodzi, ndi tsiku limene madokotala a amayi amaona anthu kuchipatala, n'kumuuza alawirire ndipo atenge mwamuna wake. Ndinamuonetsanso mkono. Mnzanga nkhope inagwa, anati, "Nanga uyu anachokera kuti?" akuloza mwana wake, amene nthawiyo anali atalowa pansi pa tebulo n'kumakoka zitenje zanga za Kulamba zotsala. Ndinati anachokera kwa inu ndi abambo ake, asisi. Sanandiyankhe. Anagula chitenje chimodzi, osanenerera mtengo monga amachitira, ndipo mtsikanayo anapinda lisiti lija kanayi n'kulimanga pa mfundo ya chitenje chake pamodzi ndi ndalama ya njinga.